Magitala a Magetsi m'Zambia

M'caka ca 1970 James Brown, woimba wa ku America, anadzaimba ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo makamu anadzaza mabwalo. Anthu a ku Cipata, pokhala kutali makilomita oposa 500, anangomva mbiri yake. Mlendoyo sanakoleze moto watsopano ai. Anangosonkhezera umene nyimbo za Beatles ndi Rolling Stones zinayatsa kale mwa anyamata. Posacedwa kunabuka magulu monga WITCH ndi Ngozi Family. Pulezidenti Kaunda atalamula kuti wailesi izicurutsa nyimbo za m'dziko, Paul Ngozi anamveka kufikira ku midzi ya Angoni ndi Acewa, akuliza gitala mwaukali, koma akudzudzula makhalidwe a m'tauni m'Cinyanja comwe anthuwo amalankhula. Anamwalira mu 1989.