Dzino Loikirira Kapena Muzu Wachitsulo?

Mdzukulu wa mnzanga wina wa ku Kadoma, mtsikana amene akuphunzira zaudokotala wa mano, anandiimbira foni mutu utaima. Agogo ake, omwe anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito pa mgodi wa Cam and Motor, anali atatayako mano awiri a m'munsi, ndipo iye ankafuna kuwafotokozera m'Chichewa zimene dokotala wa ku Harare anawaonetsa pakompyuta. Atati "adzakuikani dzino loikirira", agogowo anayankha kuti: "Aja ogoneka m'kapu usiku? Ayi mwanawe, zisiye."

Agogowo sanalakwe. Kwa ife mano oikirira ndi ovula ndi kuvala. Chimene azungu amati implant si dzino n'komwe. Ndi kachitsulo ka titaniyamu kolowa m'fupa la nsagwada m'malo mwa muzu, ndipo dzino looneka lija limadzakhala pamwamba pake pambuyo. Ena amati msomali, koma msomali timaukhoma ndi hamala, ndipo palibe gogo angavomere zimenezo m'kamwa mwake. Ine ndimakonda "muzu wachitsulo".

Muzu umatithandizanso pa liwu lina lovuta, osseointegration. Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anapeza kuti fupa limakula n'kugwirana ndi titaniyamu mpaka osalekananso, ndipo mu 1965 anaika mizu yotere mwa munthu koyamba ku Gothenburg. Mungalipinde bwanji lilime kuti liwulo likhale Chichewa? Komatu mlimi aliyense wa mango amadziwa kumezanitsa: kanthambi kachilendo kalowe mu tsinde, kamangidwe, ndiye mudikire kagwire. Nawo muzu wachitsulo umadikira miyezi ingapo usanasenze dzino. Liwulo tili nalo kale kumunda.

Pa makina ndiye sindilimbana nazo. Sikani ikhale sikani. Makina a CBCT amazungulira mutu n'kujambula nsagwada m'magawomagawo opyapyala, ngati mmene timadulira buledi. Zithunzizo zimasungidwa m'mafayilo a DICOM, ndipo pulogalamu monga coDiagnostiX kapena Blue Sky Plan imaziphatikiza kuti dokotala aone kutalika ndi kukhuthala kwa fupa, ayese muzu pakompyuta pomwepo asanagwire mpeni. Mayina amenewa wodwala safunika kuwamvetsa. Kapulasitiki kokhala ndi timabowo kamene amapanga pamapeto, kovala pamano kuti choboolera chisapatuke, ndingakatche chikombole, ngakhale oumba njerwa angaseke.

Pamene pali ngozi ndi pa mtsempha. M'kati mwa nsagwada ya m'munsi mumadutsa chingwe chimene chimachititsa mlomo ndi chibwano kumva. Pulogalamuyo imachilemba ngati mzere wa mtundu wowala, ndipo dokotala amasiya mpata wa mamilimita pafupifupi 2 pakati pa icho ndi nsonga ya muzu, chifukwa choboolera chikachikhudza mlomo ungachite dzanzi miyezi yambiri, mwina mpaka kalekale. Ife chingwechi timati mtsempha, njira ya magazi timatinso mtsempha. Chishona chimene ana athu a ku Zimbabwe amasakaniza nacho sichitiombola, pakuti liwu lake loti tsinga nalo limanyamula zonse ziwiri. Ukauza wodwala kuti "tipewa mtsempha", iye amaganiza za kukha magazi, n'kusaina pepala asakudziwa za dzanzilo. Apa nkofunika kutalikitsa: mtsempha wa magazi, mtsempha womvera.

Nanga ndani angatikhazikitsire mawuwa? Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo tinasangalala nazo. Koma chilankhulo chovomerezeka chimene sichingafotokozere gogo za opaleshoni ya m'kamwa mwake chikadali pakhomo, sichinalowe m'chipatala. Ku Malawi kuli Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board, ndipo maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku Blantyre mu 2019. Kumeneko nkhaniyi iwapeza posachedwa. Sindikuona chifukwa choti zidzukulu za anthu a m'migodi ndi a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Zimbabwe zizidikira kalata yochokera ku Zomba.

Mtsikana uja anabwerera kwa agogo ake ndi muzu ndi kumezanitsa. Agogowo anangofunsa kuti muzuwo ukakana kugwira, ndalama zawo adzabweza ndani.