Chipolopolo Chogwetsa Munthu: Mkangano Wosatha wa ku America

Ku America kuli mkangano umene agogo anasiyira zidzukulu zawo usanathe. Akuti munthu akakuthamangira ndi mpeni, ndi chipolopolo chiti cha mfuti ya m'manja chimene chingamugwetse asanakufike? Ena amalumbirira chonenepa ndi cholemera, ena chaching'ono koma chaliwiro. Ine pofufuza mbiri yake ndinaona kuti asilikali ndi apolisi a kumeneko sasintha chipolopolo mtima uli m'malo. Amasintha akachita mantha.

Mantha oyamba anawapeza ku Philippines, dziko limene analanda kwa Spain mu 1898. Kummwera kwa zilumbazo, ankhondo a mtundu wa Moro ankabwera ndi zikwanje atatsimikiza kale za kufa. Msilikali amaombera ndi volovolo yake ya Colt ya chipolopolo cha .38, koma munthu n'kumabwerabe. Dokotala wa asilikali Louis LaGarde analemba za mkaidi wina, Antonio Caspi, amene mu 1905 anaomberedwa kanayi pafupi pomwepa, zipolopolo zitatu n'kulowa m'chifuwa, osagwa mpaka atamumenya kumutu ndi thako la mfuti. Ndipo anachira.

Mu 1904 LaGarde yemweyu ndi John Thompson anapatsidwa ntchito yopeza yankho. Anapita ku makola ophera ng'ombe a ku Chicago n'kumaombera ng'ombe zamoyo, kuwerenga zipolopolo mpaka nyama itagwa. Anapachikanso mitembo ya anthu n'kumaona m'mene ikugwedezekera ikaomberedwa. Pamenepa ndimapukusa mutu. Aliyense amene anagwirako chingwe popha ng'ombe ya pa ukwati akudziwa kuti ina imangoti khu, ina imavuta anthu mpaka thukuta, mpeni uli womwewo. Ng'ombe zochepa chotero zikanaphunzitsa chiyani za munthu wolusa? Komabe awiriwa anagamula kuti chipolopolo chisachepere .45. John Browning anapanga mfuti yake ya .45, asilikali anailandira mu 1911, ndipo inakhala m'chiuno mwawo mpaka 1985, pamene Beretta ya 9mm inailowa m'malo.

Chaka chotsatira, pa 11 Epulo 1986, mantha achiwiri anagwa ku Miami. Apolisi a FBI asanu ndi atatu anatsekereza galimoto ya mbava ziwiri zothyola mabanki, Michael Platt ndi William Matix. Kuomberana sikunathe ndi mphindi zisanu zomwe. Koyambirira, wapolisi Jerry Dove anaombera Platt ndi 9mm. Chipolopolo chinaboola mkono, kulowa m'chifuwa, kung'amba phapo, n'kuima pafupi ndi mtima, patangotsala ngati inchi imodzi. Bala limenelo linali lakupha, koma Platt anapitiriza kumenya nkhondo, napha Dove yemweyo ndi Benjamin Grogan. Apolisi ena asanu anavulala. Amene anatsiriza zonse ndi Edmundo Mireles, dzanja limodzi litaphwanyika.

Mlandu unagwera chipolopolo cha Dove. Kwa ine uku kunali kuthawa nkhani. Platt anali ndi mfuti yaitali ya Ruger Mini-14, pamene apolisi ambiri anali ndi za m'manja. Koma kudzudzula kachitsulo n'kosavuta kusiyana ndi kufunsa amene anakonza ulendowo.

Ngakhale zinali choncho, mu tsoka limeneli munatuluka nzeru. FBI inayamba kumvera madokotala, makamaka Martin Fackler, amene anachita maopaleshoni a asilikali ovulala ku Vietnam ndipo ankayesa zipolopolo poziombera mu gelatin wofanana kulimba kwake ndi mnofu. Iye ankati chipolopolo cha mfuti ya m'manja sichikankha munthu n'kumugwetsa chagada ngati m'mafilimu. Chikanatero, woomberayo akanagwanso. Chimangoboola. Munthu amagwa nthawi yomweyo pokhapokha ubongo kapena msana wakumtunda walasidwa. Kupanda apo amagwa magazi akatha, kapena akachita mantha n'kudzigwetsa yekha. Mu 1989 Urey Patrick wa FBI analemba kuti ngakhale mtima utaphulika, ubongo umatsala ndi mpweya wokwanira masekondi 10 mpaka 15, nthawi yokwanira kuthera zipolopolo zonse za mu mfuti. Lamulo latsopano linakhala lakuti chipolopolo chizilowa mainchesi 12 mpaka 18.

Si onse anavomereza. Evan Marshall ndi Ed Sanow anatulutsa buku mu 1992 losanja zipolopolo potengera kuchuluka kwa anthu amene akuti anagonja ataomberedwa kamodzi kokha. Ogula mfuti analikonda, popeza linkawauza choti akagule. Fackler ndi anzake anati ziwerengerozo n'zosadalirika, ndipo mbali ziwirizi zinanyozana m'magazini kwa zaka.

FBI yokha inazungulira. Inatenga 10mm, koma mfuti yake inkakankha kwambiri dzanja. Anaichepetsa mphamvu, ndipo mu 1990 kunabadwa .40 S&W. Pofika 2014 analengeza zobwerera ku 9mm, yomwe ija anaikana chifukwa cha Miami. Anati zipolopolo zamakono zikulowa mokwanira, mfuti ikunyamula zambiri, apolisi akulasa bwino, ndipo madokotala akaona bala sangasiyanitse ngati labooledwa ndi 9mm, .40 kapena .45. Mu 2017 asilikali nawonso anasankha mfuti yatsopano ya SIG Sauer, ya 9mm. Okonda .45 sanagonje, mpaka lero akatsutsidwa amatchula a Moro.