Si aliyense wokonda makompyuta amene ali ndi autism

Mawu akuti nerd ndi autism atifika kudzera m'mafilimu a ku America ndi pa intaneti, ndipo afika atamatirirana ngati ndi amodzi. Mnyamata wa magalasi, wachete pagulu, wodziwa kompyuta kuposa aphunzitsi ake, ena amati ndi nerd, ena amati ali ndi autism, ndipo ambiri amangosinthanitsa mawuwa osaonapo vuto. Komatu mawuwa sayeza chinthu chimodzi. Oyambawo ndi dzina limene anthu amapatsa mnzawo ataona zimene amakonda, pomwe achiwiriwo amafotokoza mmene ubongo wa munthu unaumbikira kuyambira ali khanda. Kuwasokoneza kumapweteka anthu, ndipo opwetekeka kwambiri si akatswiri a makompyuta aja ayi.

Mawu akuti nerd alibe dokotala kumbuyo kwake. Anaoneka m'buku la ana la Dr. Seuss mu 1950 ngati dzina la kachilombo kongopeka, ndipo mu 1951 magazini ya Newsweek inalemba kuti achinyamata a ku Detroit akuwagwiritsa ntchito ponyoza mnzawo wotsalira. Anakhala chitonzo kwa zaka zambiri, mpaka pamene anthu ngati Bill Gates analemera ndi makompyuta, ena n'kuyamba kudzitchula okha dzinali monyadira. Tanthauzo losintha chifukwa cha ndalama chotere likusonyeza kuti mawuwa amanena zambiri za anthu oyang'anawo kuposa za munthu woyang'anidwayo. Mnyamata wodziwa pamtima zigoli zonse za Manchester United amatamandidwa kuti ndi dolo pa nkhani za mpira, koma mnzake woloweza mayina a nyenyezi ndi khama lomwelo amasekedwa. Chasiyana apa ndi chimene gululo limalemekeza basi.

Autism ili ndi mbiri ina. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, autos, kutanthauza mwini wake, ndipo dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, anawagwiritsa ntchito cha mu 1911 pofotokoza odwala misala odzitsekera m'maganizo mwawo. Tanthauzo la lero linayamba kuumbika mu 1943, pamene Leo Kanner wa ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, analemba za ana 11. Woyamba pa anawo anali Donald Triplett wa ku Forest, m'chigawo cha Mississippi. Ali wamng'ono kwambiri, Donald anali ataloweza kale Salimo 23 ndi mafunso 25 a katekisimu pamodzi ndi mayankho ake. Wongomva zimenezi anganene kuti uyu ndi nerd wachichepere. Koma mwana yemweyo ankatha nthawi yaitali akuzunguza mapoto ndi zinthu zina zobulungira, ankati "iwe" ponena za iye mwini, sankasonyeza chidwi munthu akalowa m'nyumba, ndipo ankakwiya koopsa zinthu zikachitika mosiyana ndi dzulo. Kulowezako kunali kachigawo chabe ka nkhani yake. Chaka chotsatira, Hans Asperger wa ku Vienna anafotokoza anyamata olankhula bwino, otha kukamba kwa nthawi yaitali za chinthu chimodzi chimene amakonda, ndipo dzina loti timapulofesa tating'ono linawakanirira. Chisokonezo chathu chinamera pamenepo. Lorna Wing atatchukitsa dzina la Asperger ku Britain mu 1981, ndiponso Steve Silberman atalemba nkhani yotchedwa "The Geek Syndrome" m'magazini ya Wired mu 2001, anthu ambiri anayamba kuganiza kuti autism ndi nzeru za kompyuta zopyola muyezo.

Madokotala sayang'ana zimenezo. Buku lawo la DSM-5 la mu 2013, limene linachotsa dzina la Asperger n'kuphatikiza onse pansi pa autism, limafuna zinthu za magulu awiri. Gulu loyamba ndi la kumvana ndi anthu: kulandirana mawu pocheza, kuwerenga nkhope ndi manja a mnzako, kupanga ndi kusunga ubwenzi. Zitatu zonsezi ziyenera kupezeka kuti n'zovuta. Gulu lachiwiri lili ndi zinayi, ndipo pamafunika ziwiri: kubwerezabwereza mawu kapena kagwedezedwe ka thupi, kuumirira kuti zinthu zisasinthe, chidwi chozama pa chinthu chimodzi, ndi kumva phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa mopyola kapena mochepera anthu ena. Taonani malo amene chidwi chozama chija chakhala: ndi chimodzi mwa zinayi za gulu lachiwiri, ndipo munthu angapezeke ndi autism alibe n'komwe chidwicho. Bukuli limawonjezera kuti zizindikirozi zikhale zoyambira ku ubwana ndiponso zosokonezadi moyo wa tsiku ndi tsiku. Choncho funso lothandiza si lakuti mwanayu amakonda chiyani, koma lakuti chimachitika n'chiyani akachoka pa chimene amakondacho. Mutengereni nerd ku ukwati: angatope, angakhale pakona ndi foni yake, koma azakhali ake akamuyang'ana ndi diso lakuti "dzuka upereke moni", amamva. Mwana wa autism pa ukwati womwewo, masipika akamaphulika ndipo kolala ya malaya atsopano ikamamukanda pakhosi ngati minga, angatseke makutu, n'kumadzigwedeza, kenaka n'kulira mosatonthozeka. Diso la azakhali lija sanalinyoze, sanaliwerenge n'komwe.

Wina angatsutse kuti malire amenewa ndi ongojambula. Kodi Simon Baron-Cohen wa ku Cambridge, atapanga mafunso 50 oyezera makhalidwe a autism mu 2001, sanapeze kuti ophunzira sayansi ndi masamu amapeza mapointi ochuluka kuposa anzawo? Anapezadi, ndipo n'zoona kuti anthu ambiri a autism amapeza mpumulo m'ntchito za malamulo omveka, momwe palibe zongoganizirana. Munthu angathe kukhala zonse ziwiri. Koma kugawana khalidwe limodzi si kukhala ndi chinthu chimodzi, monganso aliyense wotentha thupi sali ndi malungo. Mafunso ajanso anapangidwa kuti asonyeze amene akufunika kukaonedwa, osati kuti alowe m'malo mwa katswiri wofunsa makolo za ubwana wa munthu. Apa mpamene mawu akuti spectrum, ogwiritsidwa ntchito pofotokoza autism, amasocheretsa anthu. Ambiri amawamva ngati makwerero, pansi pali munthu wamba, pakati nerd, pamwamba autism, n'kumati tonse tili nayo pang'ono. Mawuwa satanthauza zimenezo. Amanena za kusiyana pakati pa anthu a autism eniakewo, poti wina amalankhula mosadodoma koma sapirira phokoso, wina salankhula n'komwe koma amamva zonse zonenedwa pamaso pake.

Palinso amene angati dzina ndi dzina, bola munthu ali bwino. Amenewa akuiwala kuti dzina ndi limene limatsegula kapena kutseka chitseko cha thandizo. Tikamaona autism ngati mnyamata wa kompyuta, mwana wosalankhula amene amafuna womusambitsa ndi womuyang'anira usana ndi usiku amasowa m'chithunzicho, pamodzi ndi mayi ake otopa. Amasowanso mtsikana amene chidwi chake chili pa nyama kapena pa woimba mmodzi, zinthu zimene palibe amazidabwa, yemwe waphunzira kutsanzira kaseko ka anzake ndi kudzikakamiza kuyang'ana anthu m'maso, n'kumakafika kunyumba atatheratu mphamvu. Atsikana otere kawirikawiri amazindikiridwa mochedwa. Ndipo m'Chichewa, momwe mulibe liwu lokhazikika la autism, mpata umenewu umadzazidwa ndi mawu ena amene tili nawo kale. Nerd wathu timamutcha wokonda mabuku kapena wamanyazi, ndipo zimathera pomwepo. Mwana wa autism amatchedwa wamwano, wosamva, wopusa, mwinanso wolodzedwa, ndipo liwu lililonse mwa amenewa limabwera ndi mankhwala ake: wamwano amalandira mkwapulo, wolodzedwa amapita naye kwa sing'anga, pamene iye amangofuna kuti wina atsitse wailesi ndi kumuuziratu zimene zichitike mawa.