Mapangidwe a Lenzi Yoikirira ndi Chifunga Chobwera Pambuyo pa Opaleshoni ya Ng'ala

Pochita opaleshoni ya ng'ala, dokotala amachotsa lenzi yachibadwa ya diso imene yachita mbuu, n'kusiya kathumba kopyapyala komwe imakhalamo. M'kathumbamo amaikamo lenzi yochita kupanga, njira imene Harold Ridley anaiyambitsa ku London mu 1949.

Pakapita miyezi kapena zaka, odwala ena amayambanso kuona chifunga. Sikuti ng'ala yabwerera ayi, koma maselo otsalira amaswana ndi kuyanga pakhoma lakumbuyo la kathumbako.

Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990, kuphatikizapo wa Okihiro Nishi wa ku Japan, anasonyeza kuti lenzi yokhala ndi m'mphepete mwa ngodya yakuthwa imakanikiza kathumbako ndi kutchinga maselowo, pamene ya m'mphepete mobulungira imawalola kudutsa. Zipangizo nazo zili ndi mbali yake: lenzi ya akiriliki yosamwa madzi imachepetsa vutoli kuposa yomwa madzi.

Chifungachi amachichotsa m'mphindi zochepa ndi makina a leza otchedwa YAG, koma kumwera ndi pakati pa Africa makinawa amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Motero lenzi yosankhidwa bwino ingathe kupewetsa wodwala wakumudzi ulendo wina wautali wokafuna chithandizo.