Pamene Chilwa ndi Chiuta inali nyanja imodzi

Adzukulu inu, mukamachoka pa Entre-Lagos kulowera ku Nayuchi, muziyang'ana mtunda wamchenga umene njanji yadutsapo. Palibe munthu anausenza mchenga umenewo. Anauunjika ndi mafunde ndi mphepo, kalekale, Chilwa ndi Chiuta ikadali nyanja imodzi. Madzi ake ankatsikira ku nyanja ya Amaramba, n'kulowa mumtsinje wa Lugenda, Lugenda n'kukathira mumtsinje wa Rovuma, mpaka kunyanja yamchere. Mchenga utatseka njira, Chilwa inasowa potulukira. N'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, pomwe a ku Chiuta timamwa bwinobwino.

Ine Chilwa ndinaiona itauma mu 1968. Tinayenda wapansi pomwe atate ankapalasa bwato. Matope anang'ambikang'ambika, ndipo m'ming'alumo munadzaza zigoba za nkhono, mitu ya milamba, minga ya makumba ndi matemba osawerengeka. Fungo lake, ana inu, silinali lamasewera. Madzi atabwerera, matope atsopano anafotsera zonsezo. Mu 1995 inaumanso, n'kufotseranso zina pamwamba pa zakalezo. Fupa likagona m'matope otere, mpweya osalifikira, afisi osalipeza, siliola. Limalimba pang'onopang'ono mpaka kusanduka mwala.

Musaganize kuti ndi nthano. Ku Kenya, kumadzulo kwa nyanja ya Turkana, akatswiri anafukula mutu wa nangumi mu 1964. Anali nangumi wa mlomo wautali uja, amene amamira pansi penipeni pa nyanja yamchere posaka chakudya. Koma anamupeza kumtunda, makilomita oposa 700 kuchokera kugombe, atagonapo zaka 17 miliyoni! Anasochera, nakwera mtsinje waukulu dzikolo lisanakwezeke, nafera m'matope, matopewo n'kumusunga. Mutu umodzi wokhawo unasonyeza kuti kumene lero kuli kouma ndi kokwera, kale kunali chidikha chamadzi.

Ngakhale kuno ku Niassa, chakufupi ndi Metangula, miyala inatulutsa mafupa a kanyama kamene kanakhalako zinyama zazikulu za dinosaur zisanabadwe. Mu 2013 anakatcha Niassodon.

Tsono inu okumba zitsime ndi oumba njerwa m'madambo a Mecanhelas, mukagunda zigoba zambiri pansi, kapena fupa lolemera ngati mwala, musaliphwanye, musalitaye kudzala. Ikani chizindikiro pamalopo, mukauze amfumu.