Tisitima ta Matabwa ndi Mbiri ya Nyanja Yathu

Anzanga amene tinazizidwira limodzi m'tsinde mwa phiri la Dedza, paja ife a kumtunda kuno nyanja timaionera patali tikamatsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti. M'mbali mwa msewu umenewu amisiri amasema tigalimoto, tinjinga ndi tindege ta mitengo. Ine ntchito yanga ya Loweruka, ndikapuma ku ofesi, ndi yopanga tisitima ta pamadzi, ndipo ntchitoyi yandiphunzitsa chinthu chimene m'kalasi tinangochidumpha: sitima zathu zotchuka zinafika kuno zili zidutswazidutswa, monga momwe kasitima kamakhalira patebulo langa ndisanakamate.

Ilala yoyamba inabwera ndi amishoni a Livingstonia m'chaka cha 1875, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo Dr Robert Laws anali nawo. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasula, amtengatenga mazanamazana n'kuisenza pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Inalowa m'nyanja pa 12 October chaka chomwecho. Mabuku amatchula Young ndi Laws ndi mayina awo, koma osenzawo amangowawerenga ngati matumba.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, yomwe inatchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja momwemo mu 1895. Anaipanga ku Glasgow mu 1899, n'kuitumiza m'mitolo 3,481. Chidutswa chilichonse anachilemba nambala kuti olumikiza asavutike. Tsono asanazitumize anaziviika m'mankhwala oteteza dzimbiri, manambala aja n'kufufutika! Aliyense amene anasokonezapo tizidutswa ta kasitima patebulo akudziwa tanthauzo lake. Amisiri anatha zaka ziwiri akuyesa ichi ndi icho, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu June 1901. Boyila wake, wolemera matani 11, sakanatheka kum'gawa. Anam'koka pangolo Angoni 450, tsiku lonse kuyenda mamailosi atatu okha. Ine boyila wanga ndimasema ndi mpeni kuchokera ku kamtengo ka malaina kosaposa chala, komabe ndikamakamata ndimawaganizira anthu amenewa.

Muyeso wanga ndi wakuti sentimita imodzi iimire masentimita 50. Chauncy Maples, ya mamita 38, imatuluka masentimita 76. Ilala ya masiku ano, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 ndi kuyamba ntchito mu 1951, ya mamita 52, imapitirira mita pang'ono. Thunthu ndimagwiritsa paini wa konkuno, wouma bwino, chifukwa wauwisi amapindika ikafika nyengo ya chiperoni. Kenaka sandipepa, guluu, penti ndi vanishi, ndipo apa wopupuluma amaononga ntchito ya miyezi itatu m'madzulo amodzi.

Guendolen ndi yosavuta kuipeza, popeza nyumba yosungiramo zakale ya ku Mangochi ili ndi chifaniziro cha mbali yake ya kutsogolo, ndipo mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi. Ndiyo inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven mu August 1914, woyendetsa sitimayo asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba.

Vipya ndi nkhani ina. Inagubuduzika ndi namondwe pa 30 July 1946 pafupi ndi Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Anthu akhala akunena kuti inalemera kumwamba. Mawu amenewa pa pepala ndi mawu chabe, koma ukasema thunthu losazama kwambiri, n'kusanjikapo zipinda pamwamba, kenaka n'kuika kasitimako m'beseni la madzi, manja ako omwe amamva momwe kakufunira kupendekera. Kunena zoona, kameneka sindikonda kukaonetsa alendo ngati chidole.

Chovuta chenicheni ndi kusankha kuti upange sitima ya chaka chiti. Chauncy Maples ya amishoni inali ndi chumuni ndi milongoti, mkati muli kachipinda kopemphereramo ndi kophunziriramo, ndipo inkayendera nkhuni. Inadzasinthidwa mu 1967 kukhala yonyamula anthu ndi katundu, injini ya dizilo n'kulowa m'malo mwa nthunzi. Akuluakulu amene anaikwera amakumbukira yachiwiriyi, ndipo amanditsutsa akaona yanga ili ndi milongoti. Ntchito yoikonza ku Monkey Bay kuti ikhale chipatala choyandama inayambika ndithu, koma sinafike kumapeto. Ine ndinasankha ya 1901, ndipo pathabwa loikhazikapo ndinalembapo manambala awiri okha, 3,481 ndi 450.