CHIKOMYUNIZIMU KUTSIDYA KWA CHILWA

Inu a ku Chikamveka mukakwera phiri la Zomba tsiku lopanda nkhungu, ndi kupenya kum'mawa kupyola nyanja ya Chilwa, mapiri muonawo ndi a ku Mozambique. Lero tikambe za dziko limenelo.

Chinautsa nkhondo kumeneko si mabuku a Karl Marx ai, koma thonje ndi chibalo. Apwitikizi anali kukakamiza mlimi kulima thonje, naligula pa mtengo woika iwo okha, ndipo amuna anali kugwidwa kunka ku nchito ya chibalo. Wosonkhanitsa anthuwo inali mfumu, ndipo ikakana inali kulangidwa. Alomwe ambiri muwaona kuno ku Zomba, makolo ao anathawa nkhanza zotere.

Chipani cha FRELIMO chinabadwa mu 1962, mtsogoleri wake Eduardo Mondlane. Nkhondo inabuka mu 1964, ndipo ufulu unadza pa 25 June 1975, Samora Machel nakhala Pulezidenti. Mu 1977 chipanicho chinalengeza kuti chitsata Chikomyunizimu.

Tsono imvetsani apa, anyakwawa. Boma latsopano linachotsa mafumu pa mipando, poti anatumikira Apwitikizi, ndi kuika alembi a chipani m'malo mwao. Nthaka yonse inasanduka ya Boma. Anthu ochuluka anawasamutsira ku midzi ya pamodzi, kusiya manda a makolo ndi mitengo yodzala okha. Mlimi aliyense adziwa kuwawa kwake. Zigawenga za RENAMO, zothandizidwa ndi Rhodesia ndiponso South Africa, zinapezerapo mpata: zinabwezera mafumu ena ulemu, komanso zinapha anthu osalakwa ndi kutentha sukulu ndi zipatala. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi, kufikira mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Mlandu wake sunathebe. Ena ati FRELIMO ndiyo inathetsa chibalo ndi kufikitsa sukulu ndi katemera ku midzi; anena zoona. Ena akumbukira abale ao a m'mizinda amene mu 1983 anatengedwa mokakamiza kukalima ku Niassa; iwonso sanama. Ine ndiyesa cholakwa chachikulu chinali kulamula mlimi osamfunsa, monga anachitira Apwitikizi.

FRELIMO inasiya Chikomyunizimu mu 1989, ndipo mu 2000 Boma linavomerezanso mafumu. Koma nthaka ya ku Mozambique ikali ya Boma kufikira lero.